Manja a Amayi pa tebulo la eni ake

Moni nonse kulikonse komwe mukundimvera. Inu amene muli m'takisi yopita ku Randburg m'mawa uno, inu amene mwangoweruka kumene kukhitchini ya lesitilanti ku Cape Town, ndi inu a kuno kumudzi amene mwabwereka foni ya mwana kuti mumve nawo, takulandirani. Mukamva tambala akulira kapena njinga yamoto ikudutsa musadabwe. Lero sindili m'kachipinda kanga ka ku Turffontein. Ndili pakhonde pa Amayi kuno kwathu ku Mulanje, kufupi ndi Limbuli, msewu wopita ku Muloza. Ndabwera kudzamanga chiliza cha malemu Bambo. Chiperoni chayamba dzulo, phiri lonse labisala m'nkhungu, ndipo ndikuyankhula nanu nditafunda bulangete.

Nkhani ya lero ndakhala ndikuizemba zaka ziwiri. Ambiri mumandilembera kuti, achimwene, za lendi mumakamba, za apolisi mumakamba, za kutumiza ndalama mumakamba, nanga za kufuna ntchito ya muofesi bwanji? Ine ndinkangoti tidzakamba. Wandikakamiza ndi mwana wa alongo anga. Mnyamatayu wangolemba Fomu 4, ndipo dzanja lake ndi labwino, akajambula nkhope mwini wake mumamuzindikira. Usiku wa dzana tikuwotha moto anandiuza kuti, "Amalume, ulendo uno munditenge. Inu ntchito yanu ndi ya pakompyuta, simuvutika ngati anzanu aja." Sindinamuyankhe. Ndinangomuuza kuti ndikamajambula pulogalamu adzakhale pafupi. Ali pompano pamphasa. Mphwanga, nkhaniyi ndi yako, enawa akungomvera nawo.

Ine luso langa sindinalitenge ku koleji. Amalume anga anali mmisiri wolemba zikwangwani. Magolosale, zigayo, masaluni, mashopu okonza njinga, kuyambira Limbuli mpaka Chitakale, zilembo zambiri zinali za dzanja lawo. Ine ntchito yanga inali kunyamula zitini za penti ndi kutsuka mabulashi m'palafini. Ndiwo anandiphunzitsa kuti chilembo O uzichikulitsa pang'ono kuposa H, apo ayi chimaoneka chaching'ono ngakhale muyeso uli umodzi. Anandiphunzitsanso kuti mpata wa pakati pa zilembo sayeza ndi lula, amayeza ndi diso, utaima tsidya lina la msewu pomwe wogula adzaime. Patapita zaka ndinadzapeza kuti zonsezi zili m'mabuku ndipo zili ndi mayina ake a Chingerezi. Amalume sanawerengepo mabukuwo.

Kuchokera apo ndinapita ku Limbe, m'kashopu kosindikiza. Kumeneko ndi komwe ndinagwira kompyuta koyamba, ndi pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW. Makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, makalendala a mipingo. Mu 2017 ndinakwera basi pa Wenela: Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Dzina loti Wenela kwathu kuno si lachilendo. Agogo anga aamuna anapita kumigodi kudzera ku bungwe lomweli, kale, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Iwo anapita ndi mphamvu za m'manja. Ine ndinkadziuza kuti ndikupita ndi luso, choncho za ine zidzakhala zina.

Chaka choyamba ndinatsuka magalimoto. Kenako ndinapeza malo pashopu ina yosindikiza ku Fordsburg. Masana mabanala ndi masitika, usiku YouTube, kudziphunzitsa mapulogalamu ena ojambulira, Illustrator ndi Photoshop. Zomwe ndinkaona kuti zatuluka bwino ndinkaziika pa Behance, tsamba la pa intaneti pomwe ojambula amaonetsa ntchito zawo. Za mapepala ndinakamba kale m'gawo lina, sindibwereza, koma dziwani kuti pa nthawi ya nkhaniyi mapepala anga anali bwinobwino.

Ndiye kunabwera Freddy, mwezi wa Marichi 2023. Inu a kuno simufunika kuuzidwa. Madzi ndi miyala zinatsika m'phirimu usiku, midzi ina inangofafanizika. Ife tinali ndi mwayi, sitinataye munthu, koma khoma la nyumba ya Amayi linagwa ndipo munda wonse unakwiririka ndi mchenga. Kandalama konse komwe ndinasunga zaka zisanu kanadutsa pa Mukuru m'masabata atatu. Pofika Juni ndinali ndi ngongole ya lendi. Ndikunena izi kuti mumvetse munthu amene analowa muofesi muja anali wotani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo potsekulapo safunsa kuti kunja kuli chiyani.

Ntchitoyo ndinaiona pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lomwe makampani amalengezapo ntchito. Kampani yokonza zotsatsa malonda, cha ku Rosebank, ikufuna wojambula. Dzina lake sinditchula. Kwa inu amene simudziwa makampani oterewa, iwo sagulitsa sopo kapena shuga ayi. Amagulitsa maganizo. Kampani ya sopo imapita kwa iwo n'kunena kuti tiganizireni momwe anthu angakondere sopo wathu, ndiye iwo amakonza zikwangwani za mumsewu, mapaketi, zithunzi za pa Facebook, zotsatsa za pa TV. Kwa munthu wonga ine, wochokera ku zitini za penti, kulowa kumeneko kunali ngati mnyamata wosewera mpira wachikulunga waitanidwa ku timu ya dziko.

Anandiyankha patatha masiku anayi. Anati tisanaonane, tikupatseni kantchito koyesera. Nditatsegula imeloyo mtima unagunda, chifukwa kantchitoko kanali ka tiyi. Kampani ina ya tiyi ikufuna maonekedwe atsopano: paketi, zikwangwani zitatu, ndi zithunzi zisanu za pa intaneti. Masiku atatu. Za malipiro sanatchule, ndipo ine sindinafunse.

Abale, tiyi! Ine ndinabadwira m'tiyi. Kuseri kwa nyumba ino mukangoyenda pang'ono mwalowa m'munda wa esiteti. Tiyi kuno ku Mulanje anayamba kubzalidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo kuyambira pamenepo palibe banja la kuno ndi ku Thyolo lomwe tsamba limeneli silinalikhudze. Ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi, ku Limbe kuli okushoni yake, ndipo wambiri akachoka kuno amapita ku Britain ndi ku South Africa komweko. Ndiye ndinkati ndikaona munthu ku Joni akuviika kathumba m'kapu, ndinkadziwa kuti mwina tsambalo ladutsa m'dengu la munthu wa kwathu. Amayi anathyola tiyi zaka zoposa makumi awiri. Nyengo ya mvula, Disembala mpaka Epulo, tsamba likamaphuka mofulumira, ankadzuka kusanache, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno kuti mame ndi mvula zisawalowe, n'kumathyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka nthawi ya sikelo. Ndinadziuza kuti m'Johannesburg monse mulibe wojambula wina amene akudziwa tiyi kuposa ine.

Chaka chimenecho magetsi ku South Africa ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Ife tinathawa ESCOM n'kukapeza Eskom. Laputopu ndinkaitchaja kuntchito masana, usiku n'kugwira mpaka batire litatha, kudikira magetsi abwere 2 koloko, n'kuyambiranso. Pamene kompyuta yazima ndinkayatsa kandulo n'kumalemba zilembo ndi bulashi papepala, monga ankachitira Amalume. Maola onse nditawawerenga anakwana 30.

Sindinajambule phiri. Sindinajambule dzuwa likutuluka kapena mtsikana akumwetulira ndi dengu pamutu, zomwe mumaziona pamapaketi ambiri, ngakhale kuti wothyola tiyi dengu amaberekera kumsana. Ndinajambula manja awiri okha, atagwira masamba awiri ndi kansonga. Manja a Amayi, kuchokera m'mutu mwanga. Zala zakuda kunsonga chifukwa cha madzi a tsamba, ming'alu ya pachala chachikulu, ndi chala chamkombaphala cha kumanja chomwe chinapindika pang'ono. Pansi pake zilembo za bulashi. Nditamaliza ndinadziwa kuti chiyambire sindinapangepo chinthu chabwino kuposa chimenechi. Mpaka lero ndikadali kuganiza choncho.

Intavyu inali Lachinayi 10 koloko. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi chosalipidwa. Jekete ndinabwereka kwa mnzanga wa ku Mangochi. Juni ku Joni kumazizira kolasa mafupa, kuzizira kouma, kosiyana ndi chiperoni chathuchi. Takisi yoyamba mpaka m'tauni, kuyenda wapansi mpaka pa Bree, takisi yachiwiri. Maloboti anali atazima, magalimoto akungokwawa, koma ndinali nditanyamuka 6 koloko, ndiye ndinafika nthawi isanakwane.

Ofesiyo inali yokongola, ndisaname. Makoma a galasi, mashini a khofi, mipando yamitundumitundu, galu akungoyendayenda pakati pa madesiki. Pashelefu panali zikho za Loeries, mphoto zikuluzikulu za ntchito imeneyi kumeneko, zomwe ndinkangoziona pa intaneti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma munthu wanjala akaona mkuyu saganiza za nyerere.

Ndinadikira ola limodzi ndi mphindi 40. Palibe anabwera kudzapepesa. Mayi wa pa resepushoni yekha ndi amene anandipatsa madzi, n'kundiuza chapansipansi kuti ndisadandaule, ndi momwe amachitira.

M'chipindamo munali anthu atatu. Bwana woyang'anira ojambula, mzungu wa zaka ngati 45. Mayi woona za olembedwa ntchito. Ndi mtsikana wina wachikuda wa komweko, wojambula, amene anakhala kumapeto kwa tebulo ndi kabuku kake. Bwanayo analowa akudya, foni kudzanja linali. Anandifunsa dzina kawiri. Posakhalitsa ndinazindikira kuti ntchito yomwe ndinatumiza Lolemba sanaitsegule n'komwe. Kenako anafunsa kuti kayankhulidwe kangaka ndi ka kuti.

Nditati Malawi, nkhope yake inawala. Anaika foni pansi koyamba. Ine mumtima ndinati mwina zayamba kuyenda.

Anayamba kundiuza za gadeniboyi wake. Mmalawi, anakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi, munthu wabwino kwambiri, sanabepo ngakhale supuni. Anandiuza za ulendo wake wa ku Cape Maclear ali mnyamata. Anabwereranso kwa gadeniboyi uja, momwe ankadulira maluwa, momwe ankasambitsira agalu. Mphindi khumi zathunthu, laputopu yanga ili chotsegula patebulo, palibe akuiyang'ana. Ndiye anatembenukira kwa mayi uja akuseka n'kunena mawu omwe mpaka lero amandilira m'khutu. M'Chichewa tingati: "Amalawi ndimawakondera chimenechi. Sadandaula, sakangana, ndipo sudzawaona ku CCMA."

Inu a kumudzi, CCMA ndi bwalo lomwe wantchito ku South Africa amakadandaulako akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo kapena akaponderezedwa. Ndiye munthu uyu ankandiyamikira, pamaso panga, kuti mtundu wanga ndi wabwino chifukwa ukalakwiridwa sukanena. Ndipo ine ndinamwetulira. Ndinati zikomo.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mbiri imeneyi tonse a ku Joni timaidziwa ndipo timadyera momwemo. Tsegulani Gumtree kapena magulu a pa Facebook a kumayadi, mupeza anthu akulemba poyera kuti akufuna Mmalawi wa m'dimba, Mmalawi wa m'nyumba. Anzathu ofuna ntchito nawonso mawu oyamba amalemba ndi oti ndine Mmalawi, chifukwa akudziwa kuti ndi kiyi. Mbiri imeneyi sinagwe kumwamba. Anaipanga ndi agogo athu kumigodi, azibambo athu m'makhitchini, anthu amene anagwira ntchito mokhulupirika zaka ndi zaka. Ine ndimainyadira. Koma tsiku limenelo ndinaona mbali yake ina. Kwa anthu ena, akamati Mmalawi ndi wokhulupirika amatanthauza kuti ndi wotchipa ndipo sayankha. Ndipo akangomva dzina la dziko lako, akuika kale m'dimba. Ukhoza kubwera ndi laputopu, ndi jekete, ndi ntchito ya maola 30, iye akuona munthu wogwira payipi ya madzi.

Kenako anayang'ana ntchito yanga. Sizinathe mphindi ziwiri. Anati ndi zokongola koma zachisoni, kasitomala akufuna chisangalalo, kuli kuti kumwetulira, kuli kuti dzuwa la Africa. Tsono apa ndinene chilungamo. Bwana kukana ganizo lako si mlandu. Ntchito yathu ndi yotero, ngakhale Amalume ankafufuta chikwangwani chonse mwini golosale akati mtundu sunamusangalatse. Akanandifunsa kuti n'chifukwa chiyani wasankha manja, tikanakambirana, n'kutheka akanandigonjetsa, ndikanatuluka nditaphunzirapo kanthu. Koma sanafunse. Ndinayesa ndekha. Ndinati, bwana, awa ndi manja a mayi anga, anathyola tiyi zaka zoposa makumi awiri ku Mulanje. Foni yake inalira nthawi yomweyo. Anakweza chala kundiuza kuti ndidikire, n'kutuluka.

Ali kunja, mtsikana uja anakokera laputopu kwa iye. Anakulitsa zilembo zija n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa kuti ndi fonti yanji. Ndinati si fonti, ndalemba ndi bulashi. Anafunsa amene anandiphunzitsa. Ndinamuuza za Amalume, za O ndi H, za kuima tsidya lina la msewu. Iye anati kwawo ku Soweto kunalinso bambo wina wotero amene ankalemba masaluni onse a mumsewu mwawo. Mphindi zitatu zimenezo ndiye intavyu yokhayo yomwe ndinachita tsiku limenelo.

Bwana atabwerera, mayi uja anatenga nkhani. Anafunsa za mapepala, ndinamuonetsa, ndipo funso limenelo ndi loyenera. Kenako anati ntchito yomwe analengeza ija aiganiziranso. Tsopano akufuna munthu woti ayambe wayesedwa miyezi itatu, akulandira ya thiransipoti yokha, ndiye pambuyo pake adzaona. Ine munthu wa zaka 31, wa ngongole ya lendi, khoma la Amayi lili pansi. Ndinati ndikaganiza.

Pomaliza bwanayo anatulutsa fulashi m'thumba. Anati ndisiye mafayilo enieni, aja otheka kusintha chilichonse, kuti akaonetse anzake. Mphwanga, mvetsera apa. Chithunzi chomalizidwa ukapatsa munthu, wamupatsa nsima. Mafayilo enieni ukamupatsa, wamupatsa nkhokwe ndi chigayo chomwe. Ndinkadziwa zimenezi. Pashopu ku Fordsburg sitipereka mafayilo otero popanda malipiro apadera. Koma ndinalandira fulashi ija ndi manja awiri, monga anatilerera. Ndinakopera zonse, ndi manja a Amayi omwe. Ndinabweza fulashiyo dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Ndinathokoza katatu ndisanafike pachitseko.

Ndakhala ndikudzifunsa chomwe chinandigwira pakamwa. Njala inalipo, inde. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Koma si njala yokha. Kuno kwathu mwana amakula akuona bambo ake akuvula chipewa pamaso pa kapitawo, kapitawo akuvula chipewa pamaso pa manijala. Dera lino ndi la thangata, makolo athu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo pa minda ya azungu. Zinthu zimenezo zinatha pa pepala, koma m'mawondo mwathu zikadalimo. Ulemu ndi chuma chathu ndipo sindidzauza mwana aliyense kuti autaye. Koma zomwe ndinachita muofesi muja sunali ulemu. Anali mantha ovala malaya a ulemu, ndipo bwana uja anawazindikira ndisanakhale n'komwe pampando.

M'takisi pobwerera ndinawerengetsa. Chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma la South Africa anali R25,42 pa ola. Maola anga 30, ngakhale akanandilipira ngati munthu wopanda luso lililonse, ndi ndalama yoposa R750. Onjezani tsiku lomwe ndinataya kuntchito ndi matakisi anayi. Ndalama imeneyo ikanagula matumba angapo a simenti. Ndinafika kunyumba magetsi atazima, ndinabweza jekete la eni, n'kugona osadya.

Sabata inatha, zii. Ndinalemba imelo yofunsa. Zii. Sabata yachiwiri ndinalembanso. Zii.

Sabata yachitatu, Loweruka m'mawa, uthenga unalowa pa WhatsApp kuchokera ku nambala yachilendo. Anali bwana uja mwini wake. Manja ananjenjemera potsegula. Uthengawo unali wansangala kwambiri. Anati gadeniboyi wake uja wabwerera kwawo, ndiye kodi sindikudziwa Mmalawi wina wabwino amene angabwere masiku atatu pa sabata? Za ntchito yanga, za tiyi, za mafayilo, panalibe liwu ngakhale limodzi.

Ndinakhala pabedi nthawi yaitali foni ili m'manja. Mukudziwa chomwe chinandipweteka kwambiri? N'chakuti munthu woteroyo ndinali naye. Msuweni wanga wa ku Thyolo, cha ku Khonjeni, anali atakhala miyezi itatu osagwira ntchito, akugona pansi m'chipinda cha anzake ku Diepsloot, kumudzi atasiya mkazi ndi ana awiri. Mtima umodzi unkati muyankhe munthuyu mawu oti asadzaiwale. Mtima wina unkati mkwiyo wako ana a msuweni wako sadya.

Ndinatumiza nambala.

Ena mwa inu munena kuti ndinalakwa, ndipo ndikumvetsa. Ine mpaka lero ndimaona kuti pamenepo sindinalakwe. Msuweni wanga anayamba Lolemba lotsatira. Ndisanamutumize ndinamukhazika pansi, ndinamuuza malipiro ovomerezeka pa ola, ndinamuuza kuti agwirizane za maola ndi ndalama pa WhatsApp kuti pakhale umboni, ndinamuuzanso komwe kuli CCMA. Ntchito ya m'dimba si yonyozeka. Nyumba zambiri za malata zomwe mukuziona kuyambira Luchenza mpaka Muloza zamangidwa ndi anthu odulira maluwa a eni ku Joni ndi ku Cape Town, ndipo ine ndimawavulira chipewa. Chomwe ndikukana n'chakuti munthu wina atiuze kuti pamenepo ndiye pothera pathu tonse.

Loweruka lomwelo madzulo ndinalemba imelo ina, kwa bwanayo ndi mayi uja. Ndinailemba kasanu ndikufufuta, chifukwa nthawi iliyonse inkayamba ndi kupepesa. Yomaliza inali ya mizere inayi. Ndinati zoyesedwa miyezi itatu popanda malipiro sindivomera. Ndinati ntchito yomwe ndinasiya pa fulashi ndi yanga, sindinaigulitse, ndipo sindikulola kuti igwiritsidwe ntchito mwanjira iliyonse popanda mgwirizano wolembedwa. Ndinapempha kuti mafayilowo afufutidwe. Munalibe mwano, koma munalibenso pepani. Chibadwire inali kalata yanga yoyamba yotero kwa munthu amene ndimamutcha bwana. Mayi uja anayankha ndi mzere umodzi kuti amva.

Patapita mwezi mtsikana wojambula uja anandipeza pa Behance. Mnzake ankatsegula kamalo kogulitsira khofi ndipo ankafuna chikwangwani cholembedwa ndi dzanja. Ulendo umenewo ndinatchula mtengo ndisanagwire bulashi, theka n'kulandiriratu. Kanali kaganyu kakang'ono, ka masiku awiri, koma kanabala ena. Ndisakunamizeni kuti moyo unasintha. Mpaka lero ndikadali pashopu ija ku Fordsburg, mabanala ndi masitika, ndipo maganyu a zilembo ndimagwira Loweruka ndi Lamulungu. Khoma la Amayi tinalimanga pang'onopang'ono, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho simenti n'kukwera mtengo.

Ndinapitanso ku maintavyu ena awiri chichitikireni zimenezo. Akandipatsa kantchito koyesera, tsopano ndimayamba ndafunsa kuti n'ka maola angati ndipo kali ndi malipiro kapena ayi. Ngati ndi ka kasitomala wawo weniweni ndipo n'kaulere, ndimakana mwaulemu n'kuwalozera ntchito zomwe ndinapanga kale. Ndikatumiza kanthu, ndimatumiza PDF yopepuka dzina langa litadutsa pakati. Malo amodzi atamva mafunso amenewa sanandiyankhenso. Malo enawo anandilipira tsiku loyesera, ntchito sanandipatse, koma anandiimbira foni kundiuza chifukwa chake, ndipo tinasiyana bwino.

Mphwanga, sindikukuletsa kupita. Ndilibe mphamvu imeneyo, ndipo kuno ntchito kulibe, tonse tikudziwa. Koma chaka chino sindikutenga. Uyambe wagwira bulashi kuno, ulembe zikwangwani khumi za anthu osakudziwa, uphunzire kutchula mtengo ukuyang'ana munthu m'maso, iye akukunyengerera kuti ndiwe mwana wa kwathu. Laputopu yakaleyi ndikusiyira. Ukadzatha kukana munthu wa pa Limbuli amene akufuna umulembere golosale yonse ndi botolo la Fanta, tidzakambirane za basi.

Dzulo madzulo, alendo a chiliza atabalalika, ndinachita chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo. Ndinatsegula chithunzi chija n'kuwaonetsa Amayi. Zaka ziwiri zonsezi sankadziwa kuti chilipo. Anapukuta manja pachitenje, anayandikira, n'kukhala chete. Kenako anatambasula dzanja lawo lamanja pafupi ndi galasi la laputopu, akuyang'ana uku ndi uku. Anati, "Ndi chala chopindikachi wachikumbukira."

Anandifunsa kuti nanga azungu ako aja anati chiyani. Ndinawauza kuti anati manjawa ndi achisoni. Amayi anayang'ananso chithunzicho, n'kuyang'ana manja awo. Anati, "Achisoni pati? Apatu ndagwira tsamba labwino. Tsiku la tsamba lotere sikelo inkalemera."

Akufuna chithunzicho chipachikidwe pabalaza, pakhoma latsopano lija. Ndiye Lolemba m'mawa ine ndi mphwangayu tikwera minibasi ya ku Limbe kukachisindikiza, ndikamuonetsenso kashopu komwe ndinayambira. Amayi akuitana, madzi a tiyi awira. Tikumananso sabata yamawa ndili pa Beitbridge kapena nditawoloka kale. Tsalani bwino.